Chongoni: tasunga thanthwe, nanga mawu ake?

Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika dera la Chongoni, m'boma la Dedza, pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. M'mapiri amenewa muli malo 127 okhala ndi zithunzi pamiyala. Zofiira zija, zamizeremizere ndi zozungulira, adasiya ndi Akafula, alenje amene adali kuno alimi asanafike. Zoyera adapaka ndi Achewa, ndi dothi loyera komanso chala. Zambiri mwa zoyerazi, zooneka ngati chikopa cha nyama choyanika, zimakhudza chinamwali cha atsikana. Ku Namzeze kuli zilombo za Nyau, kasiyamaliro ali pomwepo.

Zimene zikuwononga malowa n'zodziwika: utsi wa moto wosonkhedwa m'mapanga, kutha kwa mitengo imene inkatchinga dzuwa ndi mvula, ndi maina olembedwa ndi makala pamwamba pa zithunzi. Utoto ukakanganuka pathanthwe, wapita basi. Koma ine, monga womasulira, dandaulo langa lili pa mawu amene timakambira malowa.

Zolembedwa zambiri za Chongoni zili m'Chingerezi. Desmond Clark adafukula ku Chencherere m'zaka za m'ma 1970. Pambuyo pake Benjamin Smith adafufuza zithunzi za Nyau, ndipo Leslie Zubieta adafufuza za chinamwali. Ntchito yawo ndi yolemekezeka. Popanda iyo bwenzi tikudziwa zochepa. Vuto limabwera tikafuna kubweza nzeruzi kwa eni ake. Chingerezi chimatcha zithunzizi luso, ndipo ife timangomasulira kuti "zojambula". Mawuwa ndi opepuka. Zojambula zili pakalendala, zili m'kope la mwana wasukulu. Kwa namkungwi, chimene chidapakidwa pathanthwe chidali mwambo, chida cholangizira namwali. Ndiye mnyamata wolishya mbuzi tikamuuza kuti apa pali zojambula zakale, tamupatsa chifukwa chanji choti asajambulepo zake?

Chikalata cha UNESCO chimavomereza kuti zithunzizi zikadali ndi tanthauzo pakati pa Achewa a lero. Komabe tikamakamba zoteteza malowa timathamangira mpanda, mlonda ndi alendo odzaona malo. Zonsezi n'zofunika, koma zikayenda zokha zimasandutsa zidzukulu za amene adapaka zithunzizi kukhala anthu oti tizichenjera nawo.

Wina anganene kuti njira ndi yapafupi: masulirani zonse m'Chichewa, mufotokoze tanthauzo la chithunzi chilichonse. Apanso pali msampha. Za kuchinamwali ndi za kudambwe saulula pabwalo. Chinsinsi chimene chidabisala m'buku la Chingerezi ku yunivesite chikaikidwa pachikwangwani m'Chichewa, mwana aliyense wosavinidwa achiwerenga. Pofuna kutchukitsa malo tikhoza kupha chimene chidawapatsa ulemu.

Choncho funso loyamba si lakuti timasulire bwanji, koma lakuti ndani agamule zoyenera kunena. Anamkungwi, akuluakulu a kudambwe ndi mafumu a midzi yozungulira ndiwo akudziwa pamene malire adutsa. Katswiri wa zofukulidwa abwere ndi zaka ndi miyeso, womasulira abwere ndi cholembera, koma mawu atuluke kwa eni mwambo. Chikwangwani chikhoza kunena kuti pano amayi ankalangizira ana awo aakazi, osapitirira apo. Zimenezo n'zokwana kuti munthu abweze khala m'thumba.

Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO yomweyo mu 2005, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique. Gule ali ndi omuvina, ndiye amadziteteza yekha. Thanthwe la ku Namzeze silingavine. Likudikira kuti amene amavina pansi pa phirilo alitchule kuti ndi lawo.