Mpanda wa ku Magomero: mmene Landeg White anamangira buku lake

Mmisiri amene anawonjezerapo chipinda pa nyumba yakale amadziwa pamene mng'alu umayambira: pamene khoma latsopano lakumana ndi lakale, chifukwa maziko awiriwo sanakumbidwe nthawi imodzi. Buku la Landeg White, Magomero: Portrait of an African Village, lomwe linatuluka mu 1987, ndi la munthu wodziwa zimenezi. Limatsata mbiri ya dera limodzi kuyambira 1859 mpaka 1985, ndipo mphamvu yake yagona polumikizira, pomwe pulani ya wina yasintha ntchito ili mkati, katundu n'kutsamira pa anthu amene sanafunsidwe.

Gawo loyamba ndilo lofunika kuliwerenga mofatsa. Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a mishoni ya UMCA anafika mu 1861 ndi pulani yomveka bwino: mudzi wachikhristu, sukulu, tchalitchi, ndi malonda a thonje olowa m'malo mwa malonda a akapolo. Pulaniyo inasintha asanazike ndi mzati womwe. Mu Julayi chaka chimenecho, pamudzi wa Mbame, gulu la David Livingstone linamasula akapolo 84, ndipo amishoni, amene anali pa ulendo womwewo, anapezeka ali ndi khamu lofuna chakudya ndi pogona. Anakhazikika ku Magomero, kwa mfumu Chigunda, pamalo amene mtsinje wa Namadzi wazungulira mbali zitatu, mbali yotsalayo n'kuitseka ndi mpanda. Mpanda umenewu ndiwo chithunzi chachikulu cha gawoli, ndipo tanthauzo lake limatembenuka pang'onopang'ono wowerenga akuona. Poyamba ndi chitetezo pa nkhondo ya Ayao. Amishoni atayamba kupita okha kunkhondoko, ulendo uliwonse unkabweretsa anthu ena, nyumba n'kumawonjezeka pabwalo lomwelo losakula. Pamapeto pake mpanda wotchinga adani uja ndiwo unatsekera uve ndi kamwazi mkati. Malo anasankhidwira chitetezo, koma anasenzetsedwa mudzi wathunthu.

Liwiro la nkhani pano ndi losankhidwa dala. Mabuku akale a mishoni amathamangira ku imfa ya Mackenzie, amene anamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ngati kuti zonse zinachitikira kuti zifike pamenepo. White amachedwa pa zina: kugula chimanga, mikangano ya mkati mwa mpanda, maukwati a anthu omasulidwawo. Mboni zake ndi zolemba za amishoni omwewo, Lovell Procter, Horace Waller ndi Henry Rowley, koma amaziwerenga chotembenuza, kufunafuna zimene alembiwo anaziona osazimvetsa. Ndiye pamene iwo ankaona nkhosa zopulumutsidwa, ife tikuona anthu a maina, ngati Chuma ndi Wekotani, ndi amayi amene ankayesetsa kupeza mbumba yatsopano poti yawo inali itabalalika. Amishoni atasamukira kwa Chibisa mu 1862, wowerenga samva kuti nkhani yatha, popeza mwini nkhani sanali bishopu.

Gawo lachiwiri laikidwa pamwamba pa loyamba popanda pulasitala wobisa polumikizira. Malo a Magomero anagulidwa ndi Alexander Low Bruce, mkamwini wa Livingstone, ndipo woyang'anira wamkulu wa esitetiyo anali William Jervis Livingstone. Pano kubwereza ndiko chida cha wolemba. Pulani ikusinthanso: khofi walephera, kwabwera thonje, kenako fodya. Kusintha kulikonse kukufuna manja ambiri, ndipo manjawo ndi a Alomwe ochokera ku Mozambique, olipira malo okhala ndi thangata. Mpanda wamitengo kulibe tsopano, koma malire a esiteti akugwira ntchito yomweyo, ndipo funso la amene ali ndi ufulu womanga likuonekera poyera. Esiteti inakaniza masukulu ndi matchalitchi, ndipo matchalitchi a udzu a anthu a John Chilembwe anatenthedwa. Chifukwa cha kakonzedwe kameneka, usiku wa 23 Januwale 1915, pamene W. J. Livingstone anaphedwa m'nyumba mwake pa kuukira kwa Chilembwe, sufika ngati mphezi ya m'chilimwe. Wowerenga amakhala ataona kale kumene katundu ankatsamira. Mawu a bukuli nawonso auma pano, chifukwa mboni zake ndi makalata a boma ndi umboni wa pa kafukufuku wa kuukirako.

Gawo lomaliza limasintha zipangizo kotheratu. Zolemba za azungu zachepa, m'malo mwake mwalowa zokumbukira za okalamba ndi nyimbo za amayi, zimene White anazimva yekha m'midzi ya kumeneko. Ena anganene kuti bukuli lataya umodzi wake pamenepa. Ine sindikuona choncho. Boma litagula mbali ya esiteti ndi kukhazikapo anthu, malo anayamba kuyenda m'njira ya chikamwini, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo wolemba akanaumirira pa makalata a ofesi akanasowa eni nthaka. Kusintha kwa mawu kukutsata kusintha kwa umwini. Vuto limene amayiwa akulitchula ndi lomwe linaonekera mkati mwa mpanda wa Chigunda: ana akuchuluka, nyumba zikuwonjezeka, munda ukudulidwa m'zigawo zing'onozing'ono, koma malire sakusuntha.