Mmisiri wa kuseri kwa *211#

Pa Chikangawa, m'mbali mwa msewu wa M1, wocheka matabwa akagulitsa katundu amasolola kafoni ka mabatani n'kudina *211# ya Airtel Money kapena *444# ya TNM Mpamba. Timizere timene timatulukato sitimera tokha ngati bowa wa m'nkhalango ya paini. Alipo amene anakhala pansi n'kutilemba.

Njirayi dzina lake ndi USSD. Siilira intaneti kapena bandulo. Foni imangofunsana ndi kompyuta ya kampani, funso yankho, funso yankho. Koma malo ake ndi ochepa zedi, uthenga umodzi sudutsa zilembo 182. Ndiye wolemba pulogalamu amapala mawu monga kalipentala apalira chitseko, pang'onopang'ono, mpaka chilowe m'felemu.

Asanagwire kiyibodi amayamba wajambula nthambi zonse papepala. Wodina 1 apite kuti? Wolakwitsa nambala yachinsinsi auzidwe chiyani? Nanga ndalama ikaperewera? Zikatero zala zimayamba. Amalemba mizere ingapo m'chilankhulo cha kompyuta, kaya Java kaya Python, n'kuyesa. Yakana. Kompyuta imaloza mzere umene yapunthwa, iye n'kuwerenga chilembo ndi chilembo, chala chili pagalasi, mpaka apeze kachizindikiro kamodzi kamene kasowa. Kamodzi kokha!

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi momwe amasamalira ndalama ili panjira. M'mapiri a Viphya netiweki imatha kuthawa munthu atangodina batani lomaliza. Mmisiri amakhala ataziganizira kale zimenezi. Kuchotsa ndalama kwa wotumiza ndi kuiika kwa wolandira amakumanga mtolo umodzi: zichitike zonse ziwiri, apo ayi pasachitike kanthu. Kutumiza kulikonse amakupatsanso nambala yakeyake, ija timaiona mu uthenga wotsimikiza, kuti makompyuta akabwereza pempho lomwelo azindikire kuti ili talipira kale. Akamaliza amayesa kuiwononga yekha pulogalamuyo. Amalemba zilembo pofunika manambala, amadula kulumikizana pakatikati, kuti aone ngati msoko ugwira.

Luso limeneli amaphunzitsa ku Mzuzu University, ndipo ku Lilongwe kuli mHub, malo a achinyamata a zaukadaulo amene anayambitsa Rachel Sibande. Komabe dzanja limakhwimira pa ntchito. Wachinyamata wa ku Mzimba amene uli ndi laputopu, ngakhale yakale, yamba ndi kapulogalamu kowerengera matabwa ogulitsidwa kapena masheya a banki m'khonde ya amayi ako, uwapatse akagwiritse ntchito, ndipo ukonze paliponse pamene adandaule.