Nyumba ya Zaluso Yolipiridwa ndi Ogula Sopo

Mu mzinda wa Zurich, m'dziko la Switzerland, muli nyumba yoonetseramo nchito za amisiri a zaluso a masiku ano, dzina lace Migros Museum. Inatsegulidwa m'caka ca 1996 m'cinyumba ca Löwenbräu, m'mene kale anali kufuliramo mowa. Mwini wace si boma kapena munthu wacuma, koma Migros, bungwe la masitoro limene eni ace ndiwo ogula omwe.

Bungweli analiyamba ndi Gottlieb Duttweiler m'caka ca 1925, pogulitsa khofi, mpunga, shuga ndi sopo pa magalimoto 5. M'caka ca 1941 analipereka m'manja mwa ogula, ndipo mu 1957 anaika lamulo lakuti caka ciri conse apatuleko gawo la ndarama zolowa m'masitoro, lithandize maphunziro ndi zaluso. Lamuloli nlanzeru, pakuti gawolo licokera pa malonda onse, osati pa phindu lokha ai. Motero luso silidikira cifundo ca munthu mmodzi, amene mawa angasinthe mtima.

Koma pali funso lobvuta. Kodi mmisiri wodya za sitoro angathe kunena zoona za sitoroyo? Rirkrit Tiravanija, mmisiri wa mtundu wa ku Thailand, anayesa kuyankha m'caka ca 1998. Iye anaika sitoro ya Migros m'kati mwa nyumba yoonetseramo, kotero kuti wobwera kudzaona zodabwitsa anapeza katundu yemweyo amene amagula masiku onse. Nchitoyi inali yabwino cifukwa sinabise gwero la ndarama: inakumbutsa woona kuti zonse ziri m'nyumbamo zinalipiridwa ndi mai wogula sopo. Cofooka cace ncakuti inaloza cala osatsina khutu. Sitoro inatuluka m'cionetseroco yolemekezeka monga inalowera.

Apa ndipo poyesera nyumba yotere. Ngati amisiri aopa kudzudzula wowadyetsa, nyumbayo isanduka cikwangwani ca malonda cabe. Ngatinso apanga zinthu zongomveka kwa ophunzira kwambiri, ndiye kuti ambiri alipirira cisangalalo ca owerengeka. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mmisiri wolandira ndarama ya ogula ali ndi ngongole ziwiri kwa iwo: kuwauza zoona, ndi kuzinena mwa njira yakuti amve.