Kuseka Naye, Osati Kumseka

Amene munakulira kwa oweta ng'ombe mukudziwa phokoso la tsiku la dipi: zikwapu, mfuu ya abusa, ndi ng'ombe imodzi yokanirira pamphepete pa madzi. Ife timati ndi liuma. Temple Grandin, mayi wa ku America wobadwa mu 1947 ku Boston, analowa yekha mumpita wa ng'ombe, nagwada, nayang'ana monga nyamayo iyang'anira. Anapeza kuti si liuma ayi, koma mantha: mthunzi pansi, unyolo wolendewera, kunyezimira kwa madzi.

Moyo wake ndiwo mutu wa filimu yotchedwa Temple Grandin, imene Mick Jackson anaikonza mu 2010, ndipo Claire Danes ndiye anasewera m'malo mwa mayiyo. Temple ali ndi autism, ndiko kuti ubongo wake umalandira dziko m'njira yakeyake. Anachedwa kuyankhula, phokoso limamlasa, kukumbatiridwa kumamsautsa, ndipo amaganiza m'zithunzi koposa m'mawu. Lero ndi mphunzitsi wa zoweta pa Colorado State University.

Chimene ndachikonda koposa ndi nthabwala zake. Azakhali atanena kuti kwawoko amadzuka pamodzi ndi atambala, filimu imatilowetsa m'mutu mwa Temple, ndipo tiona azakhali ndi amuna awo ali padenga, akulira ngati atambala. Timaseka ndithu. Koma taonani: woseketsa si mtsikanayo, ndi chiyankhulo chathu ife chimene chimanena china chikutanthauza china. Kuseka kwina nkwa anyamata a pakhola lonenepetsera ng'ombe ku Arizona, amene anadetsa galimoto yake ndi ziwalo za nkhunzi zofulidwa. Iwonso ankati ndi nthabwala. Wokonza filimu sanatilalikire za kusiyana kwa kuseka kuwiriku. Wangokuika moyandikana, ndipo woonera amadzifunsa yekha kuti kuntchito kwake amaseka ndi gulu liti.

Kenaka pali nkhani ya kubisa. Atamkaniza pachipata chifukwa ndi mkazi, Temple anasintha galimoto, navala ngati mwamuna wa kukhola, nadzipaka matope, nalowa. Chigoba chimenecho nchoonekera, ndipo chimasangalatsa. Chigoba chenicheni nchina: kuphunzira kupereka moni, kuvala zimene anzako sadzadabwa nazo, kuloweza pamtima zimene ena amangobadwa akuzidziwa. Anthu ambiri a autism, makamaka akazi, amachita zimenezi tsiku lonse la ntchito, nafika kunyumba ali lefu ngati anasenza matumba a chimanga. Apa, mwa kuona kwanga, filimu yathamanga. Imationetsa phindu la chigoba, koma mtengo wake imangoukhudza pang'ono, makamaka pa kabokosi kofinya thupi kamene Temple anadzipangira kuti mtima ukhale pansi, potengera chopanira ng'ombe cha pafamu ya azakhali.

Nanga munthu wosadziwa kunyengerera angatsogolere bwanji anzake? Temple anatsogolera ndi zojambula za pepala ndi kusagonja. Anakonza dipi yokhala ndi potsikira pa konkire pamizeremizere, kuti ng'ombe iponde molimba ndi kulowa yokha m'madzi. Antchito, poganiza kuti mkaziyu sadziwa kanthu, anayala chitsulo choterera monga anazolowera, ndipo ng'ombe zina zinamira. Mkwiyo wake pamenepo ulibe ulemu ngakhale pang'ono, komabe sindinaone m'filimu yonse mphindi ina yoona koposa iyi. Ndikukayika ngati ife, amene timalemekeza kwambiri wodziwa kuzungulira poyankhula, tikanamvera mtsogoleri wotere asanafe nyama.

Dandaulo langa lalikulu nlokhudza makolo. Filimu imatha mu 1981, Temple ataimirira pamsonkhano wa za autism, makolo akumumvetsera ndi njala. Nzokoma, koma mayi amene mwana wake wafika zaka 12 asanatchule liwu angatuluke ndi funso lowawa: kodi wanga, amene sadzajambula khola lililonse, ali ndi malo? Autism ili ndi nkhope zambiri, ndipo filimu yasankha imene dziko limailipira malipiro. Julia Ormond, amene anasewera ngati amayi ake a Temple, amayankhako pang'ono pa chithunzi cha koyambirira: wakhala pamakwerero a nyumba, akuonetsa mwana wosayankhula makadi a zithunzi mmodzimmodzi, asakudziwa konse kuti mwanayo adzakhala yani.