Gitala yodziwa kudikira: Amanaz ndi chimbale chawo chimodzi

Mu 1969 ku Britain, Eric Clapton, Steve Winwood, Ginger Baker ndi Ric Grech adapanga gulu la Blind Faith, natulutsa chimbale chimodzi, kenaka aliyense n'kulowera kwake. Ku Kitwe, ku Zambia, kudachitikanso zotere, ndipo kwa ine nkhani ya ku Kitwe ndiyo imandikhudza mtima. Gulu la Amanaz lidayamba mu 1973: Keith Kabwe akutsogolera nyimbo, Isaac Mpofu ndi John Kanyepa pa magitala, Jerry Mausala pa besi, Watson Lungu pa ng'oma. Mu 1975 adajambula chimbale cha Africa ku Malachite Film Studios ku Chingola, ndipo Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo ku Ndola ndiyo idachitulutsa. Posakhalitsa gululi lidatha.

Anthu akamatchula Zamrock, rock ya ku Zambia, amathamangira kunena za fuzz, kulira kosasa kwa gitala kumene anyamata a m'makomboni a kumigodi adaphunzira pomvera Jimi Hendrix ndi Cream. Amanaz anali nako kulira kumeneku, ndipo mu "History of Man" amakumasula mpaka khutu kuchita kuyabwa. Koma luso lawo lenileni lili pa kudziletsa. Tamverani "Khala My Friend". Gitala ikuyenda mwakachetechete, ng'oma za Lungu sizikupupuluma, mawu a woimba ndi ofatsa ngati a munthu amene akukambirana ndi mnzake pakhonde dzuwa litapendeka. Gitala yosasa ija imadikira nthawi yake, ndipo ikalowa imaimba yokha chisoni chimene mawu aja anachisiya panjira. Woimba gitala wosakhwima akadalowa msanga kuti tione zala zake, nyimbo n'kufera pomwepo.

Pali chinanso chimene chimandisangalatsa. Chimbalechi chilipo m'mitundu iwiri, wina wa mawu ouma, wina wothiridwa reverb, kuwirikiza kwa mawu ngati m'phanga, ndipo Now-Again Records ya ku Los Angeles idatulutsa yonse pamodzi mu 2015. Ine ndimaima ndi wouma. Mmenemo besi ya Mausala imamveka pafupi, zala zikukhudza nsambo, ndipo mpata umene oimbawa amasiyirana umaoneka bwino. Reverb imakometsa, inde, koma imadzaza mipata imene iwo adaisiya dala.

Sindikunena kuti nyimbo zonse 12 n'zakupsa. Zina za m'Chingerezi zimatsamira kwambiri pa blues ya kunja, ndipo ukazimva umadziwiratu kumene zikulowera. "Nsunka Lwendo", ya m'Chibemba, ndiyo imaonetsa njira imene gululi likadatsata, gitala ya rock ikupondera pa kayendedwe ka ng'oma zakwathu. Koma chimbale chachiwiri sichidabwere. Mtengo wa kopa udali utagwa, ndalama m'matumba a ogwira ntchito kumigodi zidayamba kuchepa, ndipo m'zaka zotsatira disco ndi kalindula zidalanda mabwalo a zovina ku Kitwe ndi ku Ndola.