Mitsuko Isanu ndi Umodzi ya ku Kana

Mwa zozizwitsa zonse za Ambuye athu Yezu, chimene chinachitika pa ukwati wa ku Kana m'Galileya (Yoane 2:1-11) ndicho timachikumbukira ndi chimwemwe, pakuti chikunena za phwando. Komabe tikawerenga mofatsa, tidzaona kuti Yoane Woyera sakutiuza nthawi imene madzi anasanduka vinyo. Sanena kuti Yezu anakhudza mitsuko kapena kudalitsa madziwo. Chimene watilembera mwatsatanetsatane ndicho kulimba mtima kwa Amai Maria ndi kumvera kwa anthu otumikira.

Tiyambe ndi Amai Maria. Ataona kuti vinyo watha ndi kuti eni ukwati ali pafupi kuchita manyazi pamaso pa alendo, anakauza Mwana wao. Yankho limene analandira silinali lolimbikitsa, pakuti Yezu ananena kuti nthawi yake inali isanakwane. Ambiri a ife tikadabwerera pomwepo tikunyinyirika. Iwo sanatsutse, sanaumirirenso. Anangotembenukira kwa otumikira aja nawalangiza kuti achite chilichonse chimene Yezu awauze. Amenewa ndiwo mau ao otsiriza olembedwa mu Mthenga Wabwino, ndipo akuloza kwa Mwana wao.

Tsono tione otumikirawo. Panali mitsuko yamwala 6 yosungiramo madzi osamba potsata mwambo wa Ayuda, ndipo uliwonse unkalowa malita 80 mpaka 120. Aliyense amene anasenzapo madzi kuchokera ku chitsime akudziwa kuti kutunga malita pafupifupi 600 si ntchito yamasewera. Chosowa chinali vinyo, koma iwo anauzidwa kutunga madzi. Sanafunse chifukwa chake, ndipo mlembi akutsindika kuti anadzaza mitsukoyo mpaka pakamwa.

Lamulo lachiwiri ndilo linali loopsa: atungeko pang'ono, akapereke kwa mkulu wa phwando. Chikhala kuti m'chikhomo munali madzi okhaokha, manyazi ndi chidzudzulo zikadagwera iwowo. Apa tikuona kuti kumvera kwenikweni kumalira mtima wolimba, ndipo chikhulupiriro cholimba chimaonekera m'kumvera.

Mkulu wa phwando analawa vinyo, nayamikira mkwati, koma sanadziwe kumene wachokera. Amene ankadziwa ndi otunga madzi aja. Olemekezeka anamwa, chinsinsi chinaululidwa kwa amene anakhetsa thukuta pomvera.

Kodi ife m'mabanja mwathu timatani vinyo akatha, ndiye kuti chikondi chikazirala, chuma chikasowa, ana akalowerera? Kawirikawiri timafuna kuti Mulungu ayambe watipatsa chizindikiro, ndipo pambuyo pake timvere. Ku Kana zinthu sizinayende choncho. Zimene Ambuye amatilamula zimaoneka wamba ngati madzi: kukhululukira mwamuna kapena mkazi wathu, kubweza ngongole, kuleka chibwenzi chamseri, kusonkhanitsa ana madzulo kuti tipemphere pamodzi. Tchimo lathu nthawi zambiri si kukana poyera ai, koma kuthira madzi theka la mtsuko n'kumati tamvera.

Kuyambira m'chaka cha 2002 Eklezia amatipempha kusinkhasinkha nkhani imeneyi popemphera Korona tsiku Lachinai. Tikafika pamenepo, abale, aliyense adzifunse kuti ndi mtsuko uti umene wauleka wosadzaza m'nyumba mwake. Kusandutsa madzi vinyo ndi ntchito ya Ambuye. Yathu ndi kutunga.