Alendo a Usiku a mu Grande Hotel: Za Kanema wa Licínio Azevedo

Amene anafikako ku Beira akuidziwa nyumba ija yoyang'ana kunyanja ku Ponta Gea, Grande Hotel. Inatsegulidwa m'caka ca 1955, ndipo mu 1963 inatsekedwa. Eni ace anayembekeza kuti azungu a ku Rhodesia adzadzaza zipinda, ndi kuti boma lidzawalola kutsegula nyumba ya juga. Cilolezo sicinabwere, alendo nawo anacepa. Zaka 8 zokha, basi citseko gwa! M'nthawi ya nkhondo ya zaka 16 munalowa asilikali, pambuyo pace anthu othawa nkhondo kumidzi, ndipo ana ndi adzukulu awo akukhalamo kufikira lero.

Ojambula zithunzi ocokera kunja amaikonda nyumbayi kwabasi. Ndaona zithunzi zawo zambiri: makwerero okhota opanda cogwirira, mitengo yomera pakhonde la pamwamba, dzuwa likulowa pamene kale panali magalasi. Sindikana, nzokongola, ndipo zimagwira mtima monga nyimbo ya maliro yomveka patali. Koma zina mukazipenyetsetsa, abale, mudzaona kuti wojambula anadikira kuti anthu ayambe acoka. Akutionetsa bwinja, pamene m'nyumbamo mukugona anthu oposa 1,000. Nanga cisoni cimene cithunzi cotere cikutipempha nca yani? Nca simenti, ndi ca madansi a atsamunda, amene makolo athu ankawaona atanyamula mbale.

Kanema wa Licínio Azevedo, Hóspedes da Noite, wa mu 2007, sanatsate njira imeneyi. Azevedo anabadwira ku Brazil koma wakhala muno m'Mozambique kuyambira zaka za m'ma 1970. Iye akulowa m'hotelamo pamodzi ndi madala awiri amene anagwiramo nchito kale. Apa ndi pamene pagona nzeru ya kanemayu. Cikumbutso ca ulemerero uja sicikucokera kwa mlendo amene anagona pa bedi lofewa, koma kwa wanchito amene anamtumikira. Madalawa akuyenda nakumbukira za kale, ndipo pomwepo diso lathu likuona za lero, banja litamanga moyo wace pamalo omwewo. Nthawi ziwiri zikukumana m'cipinda cimodzi, ndipo woonera sakuuzidwa yoti alire ndi iti.

Dzina la kanemayu, alendo a usiku, nalo lili ndi mano. M'nyumbamo mulibe magetsi ngakhale madzi a m'mipope. Anthu akukhala m'makonde, m'malo a anchito, ngakhale m'zipinda za pansi pa nthaka kumene usana ndi usiku nzofanana. Mlendo ndi munthu woti mawa apita. Awa akhala zaka makumi, komabe palibe amene angaloze khoma nati langa.

Pali cimodzi cimene cikundivuta. Azevedo amadziwa kugwira kuwala, ndipo amalemekeza anthuwa posawaonetsa ngati opemphetsa. Ici ncabwino ndithu. Koma kuwala komweko kumatha kukometsa umphawi, mpaka munthu nkutuluka m'kanema ali wokhutira, kuiwala kuti pamene panali zikepe patsala maenje akuya, ndipo ana amasewera pafupi. Matabwa a pansi anapita pamoto wophikira, mipope ndi mazenera zinagulitsidwa kalekale. Ena amati uku nkuononga cuma ca mbiri. Ine sindingadzudzule mai amene anazula thabwa kuti ana adye nsima, koma ndikadakonda kanemayu akadakankha funso lakuti nyumbayi ili m'manja mwa yani, ndipo ikadzagwa adzayankha ndani.

M'mwezi wa Marici 2019, zaka 12 kanemayu atatuluka, namondwe Idai anasasula madenga ambiri m'Beira. Grande Hotel inatsala ciimire, anthu ace ali momwemo.